Kamera ya Amalume

Lolemba

Esinati wabereka! Mtsikana. Mwana wa malemu mlongo wanga, amene ndamulera kuyambira ali sitandade 2, lero ndi mayi. Pa sikelo ndikulemba makilo a tiyi uku ndikumwetulira ndekha, mpaka amayi othyola masamba akufunsana ngati kalaliki wawo walawa kena kake m'mawa uno.

Loweruka mwana akutuluka m'chikuta. Akuchimuna ndikuwadziwa, abwera ndi beseni, bulangete ndi sopo. Ine ndine malume, sindingafanane nawo. Ndigula kamera yojambula kanema, ya HD, ndijambule tsikulo ndekha, kenako ndiipereke kwa Esinati ndi mkamwini, a Yohane. Mwana satuluka m'chikuta kawiri.

Zofunika:
- ionetse bwino, mpaka tsitsi
- ikhale yotchipa
- mayi akunyumba asamve kufikira nditagula

Lachiwiri

Ndaweruka msanga, minibasi ya ku Luchenza. Sitolo yoyamba: "Kamera masiku ano akugula ndani, bambo? Foni mulibe?" Foni ndili nayo, koma foni si mphatso ya malume.

M'sitolo yachiwiri ilimo imodzi m'galasi, yakuda bii, yonyezimira. Mtengo ndafunsa kawiri, ndathokoza, ndatuluka mwaulemu.

Yachitatu ili ndi yotchipa, pabokosi alemba HD malo anayi. Mwini sitolo wandijambula kuti ndione. Munthu watuluka m'menemo ndi wobiriwira, alibe mphuno. "Ndi kuwala kwa muno," akutero. Ayi. Akuti mdzukulu wanga watenga mphuno yakwathu, ndiye ndigule chinthu chodula mphuno?

Lachitatu

Ndalakwitsa. Ndauza munthu mmodzi yekha, a Mulipa, mlonda wa pa geti. Pofika masana esiteti yonse yamva kuti kalaliki wagula kale kamera. Amene abwera kudzapempha:
- kwaya ya amayi, Lachisanu
- timu ya mpira ya ku fakitale
- a Nakoma, ukwati wa mwana wawo
- mkulu wina akufuna ndikajambule malire a munda, akulimbana ndi mlamu wake

Kamera kulibe! Ndikungoti tiona, tiona.

Mayi akunyumba amvera kuchigayo. "Mwana wa masiku atatu akufuna matewera, inu mukumugulira kanema?" Akuti mutu umodzi susenza denga, koma denga ili ndisenza ndekha.

Lachinayi

A Mulipa akonza mlandu wawo. Ali ndi msuweni ku Goliati, wobwera kuchokera ku Joni, akugulitsa kamera. Ndapempha theka la tsiku, ndakwera njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu.

Ndi yogwirapo ntchito. Kachitseko ka batire n'komanga ndi mphira. Koma ikuonetsa! Ndajambula tambala pabwalo, nthenga iliyonse payokha. Mtengo takambirana mpaka tiyi amene anandipatsa wazizira, ndipo tagwirana chanza. Buku la malangizo palibe. "Mukangodina pofiirapa, basi." Ndafunsa ngati batire imakhalitsa. "Imakhalitsa, bola osaivutitsa."

Ndabwera nayo nditaikulunga mu jekete ngati khanda. Ndine wokondwa, sindibisa.

Lachisanu

Ndapita nayo kuntchito kuti ndizolowere. Ndaima m'mphepete mwa munda, ndikujambula mizere ya tiyi. Kapitawo waona kamera ali patali, waganiza kuti ndi alendo oyendera esiteti aja. Wathamanga kukagawa majombo ndi maepuloni atsopano kwa aliyense! Atazindikira kuti ndi ine, watolera zonse, ndipo sakundilankhula. Amayi othyola akuti ndizibwera nayo tsiku lililonse.

Madzulo kwaya. Tagwirizana nyimbo imodzi, aimba zisanu ndi ziwiri. Ina abwereza chifukwa atcheya anatsokomola. Zotsatira zake:
- batire yatsala pang'ono kutha
- kakhadi kosungira kanema kadzaza
- magetsi azima

Batire aitenga a Mulipa, akaitchaja ku fakitale komwe kuli jenereta. Asanaitenge ndayesa kufufuta tambala wa ku Goliati kuti papezeke malo. Ndadina, yafunsa kena kake m'Chizungu chothamanga, ndavomera. Tambala wapita. Kwaya yapitanso, nyimbo zonse. Atcheya sindiwauza lero.

Loweruka

Batire yabwera ndi theka. Sindiivutitsa. Aliyense wondipempha kuti ndimujambule ndikumulozetsa kamera yozima, akumwetulira, akuchoka wokhutira.

Suti, tayi, nsapato zopolisha. Kwa Esinati anthu adzaza. Akuchimuna afika ndi beseni, bulangete ndi sopo, monga ndinanenera. Ndaima pamalo abwino, moyang'ana khomo. Ndadina pofiira.

Chitseko chatseguka, nthungululu! Esinati watuluka ndi mwana m'manja. Wadutsa apongozi ake, wadutsa abusa, akubwera kwa ine. Ndikumukodola kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, akutsekereza chithunzi. Sakumva.

"Amalume, siyani chimenecho. Amayi kulibe, bambo kulibe, wandilera ndi inu. Yambani ndinu kumunyamula."

Kamera ndaisiya ikulendewera pakhosi. Ine amene ndimayeza madengu tsiku ndi tsiku, kamwana aka ndakalandira ndi manja awiri. Katsegula diso limodzi, kandiyang'ana. Ndalira. Osati misozi yaulemu ayi, kulira kwenikweni, pagulu, pamaso pa akuchimuna.

Lamlungu

Titachoka kutchalitchi tasonkhana kwa Esinati. Mphatso ndapereka, manja aomba, tayatsa kuti tione. Zimene zilimo:
- chitseko
- nkhope ya Esinati ikuyandikira
- dothi
- nsapato zanga, chingwe chimodzi chomasuka, zooneka bwino kwabasi
- phazi limodzi la mwana, kamphindi
- mawu a bambo wina akufwenthera, mpaka batire kutha

A Yohane, munthu waulemu, ati kamera ndi yabwino, nyerere zikuoneka. Kenako atulutsa foni yawo. Anajambula zonse, kuyambira pakhomo. Mwana akuoneka bwino. Inenso ndikuoneka bwino, pakamwa pali yasa. Akuti anangotumizira achibale awiri, koma atcheya a kwaya aonera kale, ndipo akufunsa kuti filimu yawo ituluka liti.

Ndamuuza Esinati kuti ya m'kamerayo afufute, ayambe bwino ndi kakhadi koyera. Wakana. Akuti ya pafoni ndi ya anthu, koma ya nsapatoyi ndi yake, mwana akadzakula adzamve mmene agogo ake anamulandirira.

Basi. Ndalephera kujambula mdzukulu wanga, ndajambula kulira kwanga, ndipo akusunga. Mawa pa sikelo ndivala chipewa chachikulu.