Pensulo Yanga ndi Ngalawa ya Atate

Lolemba
Dziko lonse limve, kuyambira ku Chiromo mpaka ku Chinde: lero ndasongola pensulo. Ine, amene ndinawoloka nyanja kukatafuna mabuku zaka zisanu, ndijambula ngalawa ya matanga imene malemu atate ankayendetsa. Njanji yalanda katundu yense, ndiye eni ake akuti iphwasulidwe sabata ino. Zida zanga: pensulo, rula, mapepala asanu ndi limodzi, nzeru zakunja.

Lachiwiri
M'mawa wonse ndili pagombe, ndikuyeza ndi rula. Mayi wina wotunga madzi wasuzumira pepala langa: "Nkhokwe yabwino, aphunzitsi. Nanga yagweranji m'madzi?" Nsanje basi.

Lachitatu
A Zuze, mmisiri wodzaphwasula ngalawayo, abwereka pensulo ndi pepala. Ndi mmene amagwirira ntchito: sazula msomali asanajambule chimene akupha. Dzina lawo satha kulemba. Asongola pensulo yanga ndi kasemasema! Mizere inayi yokha, mlongoti waima. Ina iwiri, thanga lakhuta mwera. Chikhalirecho thanga lenilenilo lili pansi apo, makoswe atalidya! Rula ndabisa m'malaya.

Lachinayi
Ndikufuna pensulo yanga. "Nkhabe, dikirani," akukana a Zuze m'Chisena chawo, osadzutsa mutu. Zimene ajambula lero:
zingwe ndi mfundo zake;
ngalawa itatsamira pamchenga madzi ataphwa;
yomweyo ikukwera Shire, yolemedwa, mpaka ndikumva matabwa akulira.
Akafuna mthunzi pachojambula, amanyambita chala n'kutikita. Kukoleji za chala sanatiphunzitse. Pensulo yatsala theka.

Lachisanu
Mlongoti wagwetsedwa. Ndayesanso ndi khala, mowatsanzira. Mayi uja: "Lero nkhokwe ija yamera mchira." A Zuze ayang'ana ntchito yanga nthawi yaitali, mwaulemu ndithu, kenako apempha pepalalo kuti ajambule kuseri kwake.

Loweruka
Matabwa aunjikidwa pamtunda, ena apita kale kukakhala zitseko. Chojambula chomaliza ndi chiwongolero. A Zuze adetsa malo amodzi pamtengo wake, pamene panasalala n'kukumbika pang'ono. "Apa ndi dzanja la atate anu. Paja anali amanzere, inu mukudziwa." Ndagwedeza mutu ngati wodziwa.

Lamulungu
Pagombe patsala mkwasa m'matope ndi misomali yopindika. Pensulo yabwerera, sikukwana n'chala chaching'ono chomwe. Chithunzi changa chachikulu chija palibe, ndipo dziko silinaluze kanthu. A Zuze andipatsa mapepala onse, akuti iwo ngalawayo ili m'manja mwawo.

Ndawayala pamphasa. Ndayang'ana la chiwongolero lija mpaka belu la tchalitchi lasiya kulira, osanyamuka. Atate anakalambira pamtsinje uno. Ndikabwera patchuthi ankati, "Tiye, ukaone Chinde." Ine ndinali ndi mabuku oti ndiwerenge. Zoti anali amanzere ndamva dzulo.