Tepi ya a Inchesi

Munthu sankatha sabata m'dera lija osayezedwa. Mwina ankakuyeza iwe mwini, mwina geti yako, mwina galu wako, koma china chake chinkayezedwa basi. Woyezayo anali mkulu wina wamfupi, wadazi, amene anagwira utelala zaka makumi anayi n'kupuma, koma tepi yoyezera nsalu osaipumitsa. Inkakhala m'khosi mwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, yachikasu, manambala ena atafufutika ndi zala. Dzina lawo lenileni linkangopezeka pa chiphaso. Aliyense ankawatchula a Inchesi, ndipo iwo ankayankha mosangalala.

Pa msonkhano wina wa bungwe la eni nyumba, a Tcheya ali mkati molongosola za magetsi a mumsewu, a Inchesi anadzuka mwakachetechete n'kuwazunguliza tepi m'chiuno.

"Akulu, mukutani?"

"Pitirizani, ine ndikumva. Fote-foro."

"Fote-foro ya chiyani?"

"Chaka chatha munali fote-wanu. Jekete iyi ikadzakuphulikirani pa anthu, musadzati sindinanene."

Bungwelo linali la nyumba makumi anayi ndi ziwiri, m'misewu iwiri, ndipo chaka chake chinkayenda pa zochitika zitatu. Mvula ikayandikira, aliyense ankatuluka ndi fosholo kukayeretsa ngalande. A Inchesi ankabwera pambuyo, n'kutsitsa tepi mu ngalande ya munthu amene watuluka thukuta m'mawa wonse, n'kunena modekha kuti, "Apa mwangokanda, achimwene." Kumapeto kwa chaka kunali phwando m'holo ya sukulu ya mkaka, ndipo wodula keke anali iwowo. Zidutswa zinkatuluka zofanana ndendende, koma pofika nthawi yoti ulandire chako, tiyi anali atazizira ndipo ana ena atagona pa mabenchi.

Chachitatu ndiye chinali chachikulu. Mvula ikakata, mipanda ya maluwa itakula mopanda ulemu, kunkachitika mpikisano wa mpanda wometedwa bwino. Lamulo linalembedwa m'buku: mpanda utalike mainchesi fote-eyiti, kuphonya kololedwa ndi theka la inchesi. Mphoto inali keni yothirira maluwa, yamalata, yopakidwa utoto wagolide, imene inkakhala pakhonde la wopambana chaka chathunthu. Kunena zoona inali keni yonyansa, yodontha pansi, koma anthu akuluakulu ndi ndevu zawo ankaleka kupatsana moni chifukwa cha iyo. Woweruza, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anali a Inchesi.

Apa ndi pamene a Mlembi akulowa m'nkhani. Anali mlembi wa bungwe, mayi wophunzitsa masamu ku sekondale, waulemu wake, wosaphonya msonkhano. Kuphonya kwawo kunali pa mpanda. Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana anakhala achiwiri, ndipo zaka zonsezo keni inkapita kutsidya kwa msewu, kwa mayi wa saluni. Zenera la khitchini ya a Mlembi linayang'anizana ndi khonde limenelo, moti ankatsuka mbale akuyang'ana kugonja kwawo.

"Ameneuja amameta anthu tsiku lililonse," ankadandaula kwa amuna awo. "Dzanja linazolowera. Mpikisano wake ndi wachilungamo umenewu?"

Chaka chachisanu ndi chimodzi anafunsa woweruza maso ndi maso.

"Bambo, mpanda wanga walakwanso chiyani?"

"Ndi wokongola, mayi. Koma wapitirira ndi kota zitatu za inchesi."

"Kota zitatu ndani angazione?"

"Tepi yaona."

"Simungatseke diso limodzi?"

"Ine ndikhoza kutseka onse awiri. Tepi ilibe zikope."

Chaka chachisanu ndi chiwiri a Mlembi anakonzeka ngati akupita kukalemba mayeso. Anamanga chingwe, ananoletsa sizasi, anameta pang'onopang'ono masiku anayi. Lachinayi madzulo mpanda unali fote-eyiti kuyambira kugeti mpaka pakona. Ndiye amuna awo, munthu wachifundo amene sanagwirepo sizasi chikwatirire, anaona katsamba kamodzi katatulukira, nati athandize. Anakwera pa mpando, mpando unagwedera, ndipo sizasi inaluma mpanda n'kusiya chibowo cholowa chibakera.

A Mlembi sanakalipe, ndipo bamboyo amanena mpaka lero kuti bola akanakalipa. Anatenga sizasi n'kutsitsa mpanda wonse kuti ufanane ndi chibowocho. Pomaliza unali wosalala ngati tebulo, wokongola kuposa zaka zonse, koma unali fote-sikisi. Diso silikanadziwa. Tepi yokha ndiyo ikanadziwa.

Lachisanu masana komiti inakumana kwa a Mlembi kukonza za mawa lake. A Tcheya, potambasula mkono kuti atenge bisiketi yachitatu, anagunda kapu, tiyi n'kukhuthukira pachifuwa pa a Inchesi. Mkuluyo sanasamale za malaya. Anavula tepi, anaipukuta ndi mpango, naiyanika pa chotsamira cha mpando kuti iume. Aka kanali koyamba anthu kuona khosi lawo lopanda kanthu. Kenaka kunja kunamveka phokoso, lole yotaya zinyalala itagunda chikwangwani cha msewu, ndipo komiti yonse inathamangira komweko. A Inchesi anali patsogolo, kukaona kukula kwa ngoziyo.

A Mlembi anatsala okha ndi makapu. Sanaganize nthawi yaitali, ndipo chimenecho ndicho chimawachititsa manyazi kwambiri. Anaipinda tepiyo, naiponya m'chitini cha mabatani, n'kukankhira chitinicho kuseri kwa mbale za alendo m'kabati. Mumtima anati, Lolemba ndibweza, ndidzati ndaipeza pansi pa sofa.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pakona, ena ndi maambulera, ena ndi mipando yopinda. A Inchesi anafika mochedwa, zomwe zinali zisanachitikepo, dzanja likungopita kukhosi n'kubwerako. Anali atafunafuna paliponse. Kwa a Mlembi anapitako kawiri, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti anatuluka nayo.

Mmisiri womanga nyumba wa pa nambala naini anatulutsa tepi yake yachitsulo.

"Gwiritsani iyi, bambo."

"Iyo ndi yoyezera maenje. Yanga ndimaiyerekeza ndi lula wachitsulo chaka chilichonse. Yanuyo ndani anaiyesapo?"

"Nanga tichite bwanji? Dzuwa likukwera."

"Ndiyeza ndi dzanja. Chikhatho changa ndikachitambasula ndi mainchesi eyiti. Kasanu ndi kamodzi, yakwana."

Anagwada pa mpanda woyamba n'kuyamba kukwera ndi dzanja. Koma dzanja la zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi zitatu limanjenjemera, ndipo mtima wawo sunali pamenepo. Anafika pa chinayi, wina anatsokomola, anaiwala, nayambiranso. Pa mpanda wachiwiri anapeza zisanu ndi ziwiri. Pa wachitatu anawerenga chitatu kawiri. Mmisiri uja anayamba kuwerenga nawo mokweza, ena n'kulowerera, ndipo posakhalitsa msewu wonse unali kuimba manambala uku ukuseka mpaka kugwira nthiti. A Mlembi anaseka nawo. Ankaopa kuti akapanda kuseka anthu awayang'ana.

A Tcheya anaweruza kuti chaka chino mpikisano ukhale wa maso ndi kuwomba m'manja. Mpanda wa a Mlembi unawomberedwa kuposa yonse, ndipo keni inawoloka msewu. A Inchesi anabwera kudzawagwira chanza.

"Ukuoneka waufupi pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Koma lero maso anga musawakhulupirire, mayi. Mwapambana."

Lolemba linafika. A Mlembi anatsegula kabati, nayang'ana keni pakhonde, n'kutsekanso. Akanabweza tsikulo, mkuluyo akanayamba ndi mpanda wawo, nkhani yonse n'kuululika. Anati adikire sabata ziwiri, mpanda ukule. Mpanda unakula, koma tsopano funso linali lina: munthu amapeza bwanji chinthu pansi pa sofa patatha sabata ziwiri, m'nyumba imene amasesa tsiku lililonse? Tsiku lililonse lodikira linkakulitsa bodza la dzulo lake.

A Inchesi anabweranso kachitatu, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, ndakuvutitsani. Mwina inagwera kuseri kwa mpando?"

"Tasuntha mipando yonse, bambo. Mulibe," anayankha mouma m'maso, kabati ili kumbuyo kwawo.

"Zaka makumi anayi sindinatayepo ngakhale singano. Ndiye kuti chataika si tepi yokha."

Kuyambira pamenepo mkuluyo anasintha. Ankakiya chitseko, kufika kugeti, n'kubwerera kukayesa ngati akiyadi, katatu konse. Ankaima pakati pa msewu akupapasa matumba. Akafunsidwa tsiku, ankayankha bwinobwino, kenaka n'kuwonjezera kuti, "Koma mufunsenso wina." Wina anawagulira tepi yatsopano, iwo anathokoza, naisiya m'pepala lake, nati munthu wotaya zinthu asamasungitsidwe zatsopano. Anthu omwe aja anaseka anayamba kupukusa mitu ndi kunong'onezana kuti mutu wa mkulu wayamba kusokonekera.

Komiti inagwirizana kuti mwana wawo wamkazi, namwino wokhala kumzinda wakutali, adziwitsidwe. Kulemba makalata inali ntchito ya mlembi. A Mlembi analemba ndi dzanja lawo lokongola lija kuti bambo ayamba kutaya zinthu ndipo si bwino kuti azikhala okha. Anasaina pamsonkhano pomwepo. Akanatha kuimirira pamenepo n'kunena mawu asanu okha, koma mayi wa saluni anali atakhala moyang'anizana nawo.

Patatha mwezi namwino anabwera ndi galimoto. A Inchesi anatsanzika nyumba ndi nyumba. Kwa a Mlembi anapepesanso chifukwa chowasunthitsa mipando. A Mlembi anati, "Dikirani pang'ono," nalowa m'nyumba, naima pa kabati. Anatuluka ndi botolo la madzi a paulendo.

Anadzilonjeza kuti aitumiza pa positi. Anagula envelopu, analembapo adiresi. Miyezi isanu ndi iwiri itadutsa, envelopu ili m'chikwama, uthenga unafika kuti a Inchesi atisiya.

Namwino anabwera kudzachotsa katundu m'nyumba. Masana ake anagogoda kwa a Mlembi, atanyamula makina osokera aang'ono oti apatse bungwe.

"Mayi, ndabwera kudzathokoza. Mukanapanda kulemba kalata ija, sitikanadziwa."

"Ankakhala bwanji kumeneko?"

"Madokotala sanapeze vuto m'mutu. Koma iwo sankakhulupirira. M'mawa uliwonse ankayala zinthu zawo pabedi n'kuziwerenga, magalasi, chipeso, makiyi. Ankakana kutuluka okha. Ankati munthu amene anataya tepi akhozanso kutaya njira."

A Mlembi anatembenuka. Analowa m'nyumba, ndipo ulendo uno anatuluka ndi chinthu choyenera. Anafotokoza zonse ataimirira pakhomo pomwepo: mpando wogwedera, mainchesi awiri, chitini cha mabatani, kalata. Sanadzichepetsere mlandu. Namwino anayang'ana tepiyo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Nthawi yonseyi inali m'nyumba muno?"

"Eya, mwanangu."

"Tsiku limene ndinabwera kudzawatenga?"

"Inali m'kabati."

"Ine nditenge ndikapatse ndani, mayi? Woifuna uja palibe. Isungeni."

Anapita osatembenuka, ndipo sanatukwane ngakhale liwu limodzi. A Mlembi akanakonda kutukwanidwa.

Pa msonkhano wotsatira anaimirira n'kuuza bungwe lonse. A Tcheya anayang'ana nsapato zawo. Mmisiri uja, amene anayambitsa kuwerenga mokweza, anatuluka panja ngati waitanidwa. Palibe amene anali ndi nkhope yoweruzira mnzake, chifukwa onse anali pakona paja ndipo onse anaseka. Mayi wa saluni yekha ndiye anayankhula, nati, "Tinaseka mkulu atagwada." Msonkhano unathera pomwepo.

Masiku ano dera lija lili phee. Misonkhano imatha msanga, anthu amabwerera kwawo dzuwa likadalipo, osadziwa chochita ndi nthawi yotsalayo. Mvula ikakata sizasi zimalirabe m'misewu iwiri ija, koma munthu akamaliza kumeta amaima kugeti kanthawi, akuyang'ana kumtunda ndi kumunsi, ndipo sipabwera wodzamutsutsa. M'nyumba ya mkuluyo muli alendo. Obwera kumene akafunsa kuti munkakhala ndani, pamapezekabe wina woyankha mwachidule kuti, "Telala wina wake, anasokonekera mutu kumapeto, chisoni." A Mlembi akamva zimenezo, kaya ali ndi mabuku a ana m'manja, kaya akuthamangira basi, amaika katundu pansi.

"Mutu wawo unali bwinobwino," amatero. "Khalani pansi ndikuuzeni chimene ndinachita."