Tsiku Lomwe Ndinadya M'malo mwa Alendo Anga

Mukadzafika mumsika wa pa boma la Mangochi n'kumva amayi ophika akunong'onezana za ine, musadzakhulupirire zonse. Zina n'zoona, sindikana. Koma nkhani yaikulu imene yandimatirira ngati phula ndinachita kuisenza ndekha, maso ali gwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndidzitame kapena ndilire. Masiku ambiri ndimadzitama.

Ine ndili ndi setifiketi ya zokopa alendo. Ndinaivutikira ku koleji ina ku Blantyre, koma itangofika kuno inalowa m'sutikesi n'kugona tulo tofa nato. Ndinayenda malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja mpaka nsapato kutha chidendene, paliponse yankho lake lomwelo: “Tikuyimbirani.” Kenaka ukwati, kenaka mwana wanga Amina. Ndiyeno mudziwe kuti ndine munthu wamantha. Mwana akangoyetsemula kawiri ndimakhala ndamanga kale nsalu, ulendo wa kuchipatala (anamwino a kusikelo amandidziwa ndi mayendedwe omwe).

Kusikelo komweko n'kumene ndinadziwana ndi a Marisela, namwino wochokera ku Mexico amene anadzagwira ntchito kuno. Tsiku lina akuyeza Amina ndinawadandaulira za setifiketi yanga yogonayo. Iwo anatulutsa foni n'kundionetsa msika wa mumzinda wa kwawo. Akuti kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kutenga alendo n'kumayenda nawo benchi ndi benchi: apa alawe kachitumbuwa kachimanga, apo anyambite msuzi wa tsabola, uko amwe pang'ono madzi a zipatso, wowatsogolera akufotokoza chilichonse.

“Kungolawa basi,” anatero akuonetsa ndi nsonga za zala. “Pomaliza wadya msika wonse koma sunakhute. Loweruka kukubwera anzanga awiri akwathu, amakhala ku Lilongwe. Yambira pa ife.”

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bwana wa kampani.

Mumsika sungangolowa ndi azungu ngati ukulowa m'munda mwako. Ndinapita kaye kwa Abiti Saidi, mkulu wa amayi ophika, mayi wa thupi lake amene amagulitsa mpunga ndi nyama yambuzi, ndipo akatsokomola mzere wonse umakhala chete. Ndinagwada n'kufotokoza bwinobwino kuti alendo azingolawa, supuni imodzi kapena ziwiri pa benchi iliyonse.

“Supuni?” anatero Abiti. “Amake Amina, mlendo wakoyo ndi wodwala? Ife chakudya sitipereka ngati mankhwala a chifuwa.”

“Ayi mayi, kwawoko amatero.”

“Kwawoko. Chabwino, bwera nawo, tiwalandira. Koma imva: mbale ikabwerera ili ndi chakudya, ndiye kuti watibweretsera anthu odzatinyoza pamaso pa msika wonse. Zikatero usadzapondenso muno ndi mlendo.”

Ndinavomera msangamsanga. M'mutu mwanga ndinkaona timbale ting'onoting'ono ngati ta m'foni muja. (Kukoleji anatiphunzitsa kumwetulira ndi kunyamula thireyi, koma za amayi a mumsika wa Mangochi sanatiuzeko.)

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Ndinavala bulauzi yoyera ndi mpango wanga wa pa Idi, Amina kumbuyo. Chifukwa cha mantha m'mawawo sindinadye kanthu, ndipo pa nzeru zonse za tsikulo yokhayi ndiyo inandithandiza. A Marisela anafika ndi bambo wamtali wandevu ndi mkazi wake wowonda ngati bango. Ndinamuyang'ana mayiyo kawiri. Ndinadzifunsa kuti chakudya chikalowa chikakhala pati?

Tinayambira pa zitumbuwa ndi tiyi wa mkaka. Ndinali nditapempha chitumbuwa chimodzi aliyense. Mwini benchi anabwera ndi mbale yosanjikiza ngati chulu, mandasi pamwamba. Alendo anadya chimodzichimodzi, nayamikira kwambiri, n'kupukuta manja. Mwini benchi anangoima, manja m'chiuno. Ndinayesa kutsetserezera zotsalazo m'chikwama cha matewera a Amina.

“Iwe, ukukapatsa nkhuku?” anafunsa mwini benchi.

“Ayi amayi, ndimafuna kansalu.”

Ndinazibweza m'mbale. Ndiye ndinayamba kufotokozera alendo m'mene amasinjira nthochi n'kusakaniza ndi ufa, uku dzanja likupita m'mbale n'kubwera kukamwa. Kufotokoza kutatha, chulu chinali chitasalala. Mtima unati: aa, ntchito yake ndi imeneyi? N'zotheka.

Pachiwiri panali pa kalongonda. Apa ndiye ndinadzipweteka ndi sukulu yanga. Ndinaima mowongoka n'kuyamba Chingerezi chosalala, kufotokoza kuti nyemba zimenezi si zamasewera, amaziphika tsiku lonse akutaya madzi n'kuthira ena, chifukwa ukazidya zosapsa bwino mutu umazungulira, munthu n'kumayankhula ndi mitengo. Ndinafotokoza mokoma zedi moti ogula ena anaima kumvetsera. Nditamaliza ndinapeza mayi wowonda uja wayika supuni pansi mwaulemu, mwamuna wakenso chimodzimodzi. A Marisela analawako pang'ono pondimvera chisoni. Mbale zinali zodzaza mpaka m'milomo, ndipo gogo wogulitsayo ankandiyang'ana akumwetulira ndi chiyembekezo.

Ndinadya. Ndinauza alendo kuti ndikuwaonetsa kuti n'zosaopsa.

Kwa Che Yusufu owotcha nsomba zinthu zinayamba bwino. Anatipatsa utaka wokazinga, chinangwa ndi kachumbari, tomato ndi anyezi zoduladula zothira tsabola wa kambuzi. Ndinachenjeza alendo kuti tsabola ameneyu amaliza amuna aakuluakulu. Bambo wandevu anatola kambuzi wathunthu, kumutafuna ngati mtedza, n'kupempha wina. Msika unaphulika.

“Wallahi, uyu si mzungu!” anakuwa Che Yusufu. “Uyu ndi wa ku Makanjira, anangosochera!”

Apa alendo anadyadi, ine n'kupumako. Koma chisangalalo cha Che Yusufu ndicho chinandipha. Anati mlendo wotere sangachoke wopanda mbasela, natulutsa mutu wa kampango waukulu ngati wa mwana wa ng'ombe, ndevu zake zili tayale, msuzi uli noninoni. Kuno mutu wa kampango umapatsidwa kwa munthu amene wamulemekeza. Alendo anauyang'ana, nawonso unawayang'ana. Bambo uja anatsinako patsaya n'kugwira pamimba.

Ndinaudya, abale anga. Ndinauphwasula fupa ndi fupa, ndi maso omwe. Che Yusufu anati akazi ophunzira a masiku ano sadziwa kudya mutu, koma ine ndawatsutsa. (Mawu amenewa ndimawasunga mumtima pamodzi ndi tsiku lomwe ndinalandira setifiketi.)

Za thobwa sindinena zambiri. Makapu ake anali aja osambitsira mwana.

Pofika kwa Abiti Saidi ndinkayenda motagalala ngati bakha, thukuta lili kamukamu, Amina kumbuyo akulemera ngati thumba la simenti. Abiti anali atayala mkeka watsopano. Anabwera ndi thireyi lalikulu la mpunga wamafuta wonunkhira bwino, nyama yambuzi pamwamba, nyemba m'mbali. Amayi a mzere wonse anasiya mapoto awo kudzaonerera. Patsidya pa kanjira, pa benchi yawo ya tomato ndi anyezi, panali apongozi anga, amayi a bambo a Amina, amene kuyambira kale ankati ntchito yoyenda ndi azungu mumsika ndi uchitsiru.

A Marisela anandinong'oneza: “Sitingathe. Ngakhale kambewu kamodzi.”

Ndinayang'ana thireyi, ndinayang'ana Abiti. Ndinaganiza za sutikesi ija. Kenaka ndinamasula Amina n'kumupereka kwa a Marisela, ndinasamba m'manja, ndinakhala mwendo uku mwendo uku, n'kunena Bisimilahi.

Sindidziwa kuti mpunga umenewo unkapita kuti. Ndinkaumva ukuima pamzere pakhosi kudikira malo. Nditafika pakati, bambo wandevu anazindikira chimene chinkachitika. Anavula wotchi, kusamba m'manja, n'kukhala pambali panga kudzandithandiza. Mkazi wake naye anatola kanyama n'kumakatafuna maso ali kumwamba ngati akupemphera. Tinalimbana nalo thireyilo ngati anthu okoka khoka, mpaka maluwa ojambulidwa pansi pake anaoneka. Ndinapukuta ndi chala n'kulipereka kwa Abiti ndi manja awiri.

Nthungululu zinamveka mpaka kokwerera minibasi. Abiti anakweza thireyi m'mwamba kuti aliyense aone.

Ndinaimirira mwaulemu, ndinati ndikubwera, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi mpaka kuseri kwa msika, kungalande. Kumeneko zonse zinabwerera m'ndondomeko yake, kuyambira mpunga mpaka zitumbuwa. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi wina wa mzere wa Abiti ataima ndi ndowa yake yamadzi, akundiyang'ana. Anangotembenuka n'kuyenda mofulumira, madzi akutayikira.

Pobwerera ndinapeza nthungululu zazima. Amayi onse ankayang'ana Amina, kenaka mimba yanga, kenaka Amina. Apongozi anali atawoloka kanjira.

“Amake Amina,” anatero motsitsa mawu, koma motsitsa mwa mumsika, moti ndi ogulitsa makala omwe anamva. “Mwanayu sanayambe n'kukwawa komwe.”

“Inde amayi.”

“Ndiye mwathamangira chiyani? Kudya ngati dzombe, kenaka kusanza. Ife tinabereka, zimenezi timazidziwa. Mwatumbiza.”

Kwa amene simudziwa, kutumbiza ndi kutenga mimba ina mwana akadali kubere, ndipo kuno ndi manyazi oti mkazi amayenda chowerama chaka chathunthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, ndinene kuti ndi chakudya chabe chandichulukira. Ndisanatulutse mawu, Abiti Saidi anabwera patsogolo, thireyi likadali m'manja.

“Kapena ndi mpunga wangawu wakusanzitsa?”

Ndinaona njira ziwiri zokha. Ndikati ndi chakudya, mawa mbiri ikhala yoti mpunga wa Abiti umasanzitsa anthu, ndipo ine ndi alendo anga tatsekeredwa kunja mpaka kalekale. Ndikati si chakudya, ndiye kuti ndavomera zinazo. Ndipo ine ndine munthu woopa ngakhale kubweza tomato wowola.

“Ayi mayi,” ndinatero. “Mpunga wanu ulibe mlandu.”

“Ndiye basi,” anatero Abiti, nandisisita paphewa. “Zinazo zimachitika, ndinu ana. Loweruka ubwere nawo ena.”

Alendo anapita akusangalala, osadziwa kuti wowatsogolera wangopatsidwa mimba pamaso pawo. A Marisela nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu, kenaka anati anzawo ena akufuna kubwera.

Madzulo bambo a Amina anafika nkhope ili yoti akalipiridwa. Amayi awo anawaitanitsa ku ntchito n'kuwatsuka bwinobwino za kusaugwira mtima.

“Amake mwana, pali chimene simunandiuze?”

Ndinawauza zonse. Atamva, anangofunsa ngati mutu wa kampango unatsalako.

Apongozi ndinawatsatira kunyumba kwawo m'mawa mwake, ndinagwada, n'kuwauza zoona zokhazokha, n'kuwapempha kuti Abiti asamve. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachifundo.

“Inenso pa mimba ya mlamu wakoyu ndinkanena kuti ndi nyemba,” anatero.

Lero ndikunena pano ndine wotsogolera alendo mumsika wa Mangochi, woyamba ndiponso yekhayo. Pafupifupi Loweruka lililonse ndimakhala ndi anthu, ena azungu, ena a ku Lilongwe omwe sanaonepo kalongonda chibadwire. Ogulitsa amandikuwira patali kuti ndidutsire kwawo. Ndimachenjeza alendo kuti abwere ndi njala ya dzulo, koma sizithandiza kwenikweni, chifukwa mbale sizinachepe. Zinachita kukula, poti amayi aja amati ndikudyera awiri. Ena amandisungira bwemba ndi mango osapsa, ndipo ndimalandira, nanga n'kukana bwanji?

Ndinkadzitonthoza kuti miyezi ikamapita choonadi chidzaoneka chokha, anthu adzaona kuti palibe kanthu. Ndinaiwala kuti munthu wodya chonchi sabata ndi sabata saphwa. Mimba ikukuladi, ndipo aliyense akuiona.

Loweruka lapitali, nditangoperekeza alendo, apongozi anandiitanira kuseri kwa benchi yawo n'kuyika dzanja pamimba panga. Nthawi yomweyo kalongonda amene ndinadya m'mawa anatembenuka m'kati ndi mkokomo wake. Nkhope yawo inawala ngati sindinaionepo chikwatiwire.

“Wamva? Akugunda! Ameneyu ndi wamwamuna.”

Ndinangoti Inshallah.