Ndinalira Wansembe Ali Moyo

Mpaka lero amayi a mphakati wathu kuno ku Kanyama akandiona ndikubwera mothamanga amandilonjera ine wapampando wawo ndi funso lakuti, "Ba Cheya, lelo mwapha ndani?" Ndimaseka nawo, nanga nditani, koma ndikafika kunyumba nkhaniyi imandiwawa.

Bambo Chileshe anali wansembe wa chipani (chipani cha ansembe, osati cha ndale). Analumbira kumvera, ndiye akuluakulu awo akati nyamukani, iwo n'kunyamuka basi. Anakhala nafe zaka zambiri. Chaka chimene amuna anga a Phiri anamwalira, madzi anasefukira mpaka m'mawondo, galimoto inakanika kulowa m'komboni. Bambo anavala majombo nasenza nawo bokosi mpaka ku msewu. Ine sindinawathokoze. Pakamwa pangapa pamathamanga pa zonse, koma pa zikomo pamachita ulesi, ndipo ndinkangoti ndidzawauza Lamulungu likubwerali. Miyezi yomaliza anaonda, mkanjo ukungolendewera. Tikawafunsa ankati akusala kudya, ngakhale unali mwezi wa Okutobala.

Lachiwiri lina m'mawa ndikuyala tomato pathebulo panga, foni inalira. Anali Bana Mutale, amene ankaphikira ansembe, ndipo ankasisima.

"Ba Cheya, ba Fada batisiya."

"Mukamba chani imwe?"

"Batisiya. Motoka ibwela kubatenga pa teni."

Munthu wanzeru akanafunsa funso limodzi lokha. Koma paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Kwathu kuno munthu akatisiya ndiye kuti watisiya, ndipo galimoto yodzamutenga ndi ya kumochale. Ndinadula foni, tomato n'kumusiya padzuwa.

Woyamba kumuuza anali Amake Dalitso, ogulitsa makala, amene foni yawo ndi yofulumira kuposa wailesi. Ndisanafike pamphambano, uthenga unali utalowa kale m'gulu la amayi, la kwaya ndi la abambo. Pofika pageti la nyumba ya ansembe tinalipo anthu odzaza bwalo. Abambo anatulutsa mabenchi m'tchalitchi, ena anabwera ndi zikuni pawilibala. Akwaya anayamba nyimbo ya maliro, ife amayi tinakhala pansi miyendo titatambasula. Palibe anagogoda pachitseko, poti panyumba ya maliro sugogoda.

Monga wapampando, ndinaona kuti kutsogolera kulira ndi udindo wanga (udindo umene palibe anandipatsa). Ndinalira mokweza ndikutchula zonse.

"Ba Fada, mwatisiila ndani? Ndani azasenza mabokosi yathu mu manzi? Maulaliki yanu yenze yatali, tenze kugona, koma tenze kukukondani."

Ndili pakati pa mawu amenewa, chitseko chinatseguka. Anatuluka Bambo Chileshe, sutikesi imodzi kumanja, ambulera kukhwapa. Nyimbo inathera pakati pa vesi. Amake Dalitso, ndi thupi lawo lonse lija, anadumpha ngalande n'kusiya patapata mmodzi. Kumbuyo kwa Bambo kunali Bana Mutale atagwira pakamwa.

"Ba Cheya, ine nenze kukamba ati babasamutsa," anatero.

Zinali choncho ndithu. Kalata inabwera kuchokera kwa akuluakulu a chipani kuti Bambo apite kunyumba yawo ya ansembe okalamba ndi odwala, kutali ndi Lusaka. Bambowo anafuna kuchoka mwakachetechete, osatsanzika, kuti tidzangomva Lamulungu. Bwalo lonse linatembenuka kuyang'ana ine. Ndinachita manyazi. Ndinakwawa n'kukagwada patsogolo pawo.

"Ba Fada, nikhululukileni. Sininafunse."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, anatsokomola nthawi yaitali atagwira chitseko. Atapeza mpweya anati, "Ba Cheya, simunaname maningi. Mwafulumila chabe pang'ono. Ba dokota bakamba ati Khisimisi sinizaiona."

Bambo wina amene anali atanyamula chikuni anachitula pansi pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda.

Bambo Chileshe anaika sutikesi pakhonde n'kukhalapo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anati, "Kwamene niyenda bazaniika m'manda bwino, na Misa, na makandulo. Koma kulibe wamene aniziba, elo sibaziba kulila monga ba ku Kanyama. Pitilizani, nimveko."

Kulira kwanga koyamba kuja kunali ndi kaukatswiri pang'ono, ndivomere. Kwachiwiriku misozi inangotsika yokha. Akwaya anayambiranso vesi ija, ndipo Bambo ankaimba nawo chapansipansi, maso atatseka. Anthu anayamba kuimirira mmodzi ndi mmodzi kunena zimene amanena pamanda, koma mwini wake ali pomwepo kumva. Wina anati anamugwirizanitsa ndi mkazi wake. Wina anati anamutsatira kumowa katatu osamukalipira. Amake Dalitso anabwerera kudzatenga patapata wawo, n'kukhala pansi kulira nawo. Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Zikomo pa bokosi ya ba Phiri." Anagwedeza mutu n'kundiika dzanja pamutu, ndipo dzanjalo linali lopepuka kwambiri.

Galimoto inafikadi teni koloko, kagalimoto koyera wamba. Tinaiperekeza tikuimba mpaka pamsewu wa tala. Tomato wanga ndinamupeza atafota, mbuzi zitalawako.

Anamwalira sabata yachiwiri ya Adiventi. Uthenga unatipeza atayikidwa kale, ndipo palibe wa ku Kanyama anaponyako dothi. Ndinalira ndekha kunyumba, chisoni chake sichinandichokebe.

Masiku ano wina akandiuza kuti uje watisiya, ndimayamba ndafunsa kuti watisiya kupita kuti. Pamenepo ndinaphunzira. Koma tchimo la tsiku lija, limene linandipatsa mpata wonena zikomo, sindinalitchulepo kolapa, chifukwa wansembe watsopanoyu akandifunsa ngati ndikumva nalo chisoni, ndidzachita kumunamiza.