Zikomo Chifukwa cha Nyumba Yothawirako ya ku Aerodrome

Kwa Bwana Woyang'anira Zachifundo,
Kampani ya Mgodi, Bindura.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Jestina Mbewe, wogulitsa tomato pamsika wa ku Chipadze. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho mundikhululukire ngati kuthokoza kwanga kungatuluke mokhota.

Choyamba, zikomo chifukwa cha Nyumba Yothawirako Amayi imene munatimangira kudera la Aerodrome. Penti wake ndi wowala, kapinga wotchetcha bwino. Mnzanga Tabitha, amene tinkachita naye lendi nyumba imodzi asanakwatiwe, anathamangirako masana a Loweruka, mwana ali kumsana, mlomo utang'ambika ndi chibakera cha mwamuna wake. Mlonda wanu anamulandira mwaulemu n'kumupempha chitupa. Chitupacho chimakhala m'thumba la ovolosi ya mwamunayo. "Bwererani mukapemphe bwinobwino, amayi," anatero mlondayo. Nzeru yotereyi ife akumsika sitikanaiganiza.

Chachiwiri, ndiyamikire fomu yanu. Lolemba ndinamuperekeza Tabitha kuofesi. Mlembi anatifotokozera kuti nyumbayo ndi ya mabanja a antchito a pamgodi, motero fomu iyenera kusainidwa ndi wantchito mwiniwake. Ndiye kuti womenyayo ndi amene alole kuti womenyedwa athawe. Ndinagoma, Bwana. Ngakhale abusa athu salemekeza ukwati kufika pamenepa.

Chachitatu ndi nambala ya foni yothandiza achinyamata imene munamata pamalo okwerera kombi. Tabitha ali ndi mlongo wake, Takesure, wa zaka makumi awiri. Anakhoza bwino Fomu 6, ntchito sanaipeze, ndipo ankakhala kwa mlamu wakeyo mpaka tsiku limene anaponyeredwa zovala panja. Anasiya kudya, anasiya kulankhula. Lachisanu anangoti, "Sisi, ndatopa. Kuli bwino ine ndisakhaleponso." Tabitha anaimba nambalayo nthawi yomweyo. Tinamvera nyimbo yanu yolangiza kuvala chisoti pansi pa mgodi kanayi konse. Kenako mayi wa mawu okoma anatiuza kuti mlangizi amabwera Lachinayi loyamba la mwezi, ndipo tamuphonya ndi tsiku limodzi lokha.

Pepani kuti tinalephera kudikira. Amayi a kutchalitchi tinagawana masiku okhala naye mnyamatayo, ndipo nesi wina wopuma pantchito amabwera kudzacheza naye osafunsa fomu. Takesure ali moyo, dzulo anadya n'kupempha kuwonjezera. Ndikukuuzani kuti mumuwerengere m'lipoti lanu la chaka chino.

Pano m'kachipinda kanga tikugonamo anayi: ine, Tabitha, mwana wake ndi Takesure. Mwamuna uja amafika pamsika tsiku lililonse akaweruka, amaima patsogolo pa tebulo langa, amayang'ana, sagula kanthu. Tabitha amabisala kuseri kwa matumba a kabichi mpaka achoke.

Tsono ndili ndi kapempho kamodzi, ndipo ndapempha nditagwada. Ndamva kuti sabata yamawa kukubwera alendo ochokera ku Harare kudzaona nyumbayo, ndipo mukufuna amayi oti akakhale pamabedi pojambulitsa zithunzi. Chonde musankheko Tabitha. Safunika kumuphunzitsa nkhope yachisoni, ndipo bala lake likuonekabe bwino. Mungomuuza wojambulayo kuti asafulumire, mwina mayiyu n'kugonako tulo ola limodzi geti ili yotseka.

Ine wanu wosayenera kukutayitsani nthawi,

Jestina Mbewe
Tebulo lachitatu kuchokera pampopi, Chipadze