Therere la Apongozi m'Chiwongolero

Amene akuti ndine wabodza atsike panjinga yakeyo abwere adzandiyang'ane m'maso. Inu a kabaza a pa Balaka pano mwaphunzira dzulodzuloli kuliza belu, lero mukufuna kutsutsa ine Fulatila, munthu amene ndinayendetsa galimoto zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku? Pali malemu bambo anga agona ku Rivirivi uko, zimene ndikuuzenizi zinachitika dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndine mkamwini kwa Kalembo, ndipo masiku amenewo ndinali ndi galimoto ya saluni yoyera ya zitseko zinayi. Mkazi wanga Agnesi anakhala miyezi itatu akundiuza kuti pansi pa galimoto pakudontha zofiira. Ine ndinkati ndi magazi a nkhuku ina imene inadzigunditsa yokha. Anali oyilo wa chiwongolero, uja amafewetsa kuti munthu uzikhota ndi chala chimodzi. Ndinkadziwa ndithu, kungoti dalaivala wamkulu sauzidwa zochita ndi munthu wosadziwa giya.

Tsono kunabwera chinkhoswe cha mlamu wanga ku Nsanama. Agnesi anatsogola dzulo lake kukathandiza kuphika, ine nanditsalira ntchito yonyamula apongozi. Uthenga wawo unadzera mwa mwana wawoyo, Agnesi: akakafika dzuwa litapendeka, ndipinde bulangete langa ndibwerere ku Rivirivi. Sankaseka amayi aja, akamwini awiri anali atapinda kale pamudzipo. Mantha ndinachita, sindibisa, chifukwa Agnesi ndimamukonda, ndipo kwathuko ndinalibe ngakhale khola la nkhunda.

Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso. Iwo anakhala kumbuyo atafunda chitenje kumutu, kachigubu ka therere, kamba wa paulendo, kali pamapazi, ine galasi loonera kumbuyo ndinalitembenuzira kudenga. Tinanyamuka bwinobwino, koma tisanayende mtunda wa ndudu imodzi pampu ya chiwongolero inayamba kulira ngati nkhumba yoona mpeni, agalu onse a kwa Kalembo nayankha, ndipo chiwongolero chinauma gwa, moti nditakoka ndi manja awiri, phazi nditatsamiritsa pachitseko, malaya anang'ambika kumsana, mabatani nathethekera kunja n'kugwetsa njiwa ziwiri pamtengo, koma galimoto osakhota. Mukumva? Ndinakokanso kachiwiri, mano ali kukutu, ndipo poona kuti galimoto yakana, msewu ndi umene unapindika. Khona ija mumadutsa musanafike pa Liwonde kale panali powongoka ngati nsungwi. Ndinapapinda ndine, kafunseni.

Koma munthu sungapinde misewu yonse ya boma. Ndinaima, ndinatsegula boneti, ndinasuzumira m'kathanki ka oyilo uja: mbee, ngakhale dontho. Golosale panalibe, galaja panalibe, dzuwa likukwera osandidikira. Nzeru zinandifika, koma therere linali la apongozi, ndipo apongozi sawapempha chinthu pamaso. Ndiye ndinayang'ana injini n'kunena mokweza kuti, "Galimoto iwe, ukanapeza therere pang'ono ukanachira."

Apongozi anayang'ana mtengo wa mlambe umene unali pambali pa msewu nati, "Mlambe iwe, ukawauze a Fulatila kuti chigubu chili pansi apa. Uwauzenso kuti dzuwa silidya therere."

Therere la amayi aja, abale anga, si la masewera, chidulo chake amachita kuwotcha okha, ukalitapa kwa Kalembo uko mchira wake umatsala mu mphika iwe uli ku Ntaja. Ndinathira lonse mpaka pakamzera kapamwamba, ndinaliza injini, ndinazunguza chiwongolero uku ndi uku kuti mpweya utuluke monga amachitira amakaniko, pampu n'kusiya kulira, n'kuyamba kumeza malovu. Chiwongolero chinafewa kupyola muyeso. Ntchentche itatera kudzanja lamanja, galimoto inakhotera kumanja, ndipo nditayetsemula pa mlatho wa Shire tinazungulira katatu ngati nguli, madontho nagwera m'madzi, mvuu zimene zinali kutuluka kumtunda n'kumatererekera m'mbuyo sabata yathunthu, asodzi osagwira nsomba ngakhale imodzi chifukwa zonse zinkapulumuka m'manja. Mukumva inu? Fungo lotuluka ku ekizozi linadzutsa anthu m'makonde, amuna akuluakulu kutithamangira kumbuyo mbamu za nsima zili m'manja, akusunsa mu utsi. Ndipo ulusi wa therere umene unkadontha pansi sunaduke kuchokera pa Liwonde mpaka pa Nsanama, amayi a m'mbali mwa msewu anaukweza pamitengo nayanikapo zovala chaka chonse.

Tinalowa pa Nsanama mthunzi wa munthu uli pansi pa mapazi ake. Nthungululu zinamveka mpaka ku Nayuchi, Agnesi anagwetsa chipande, ine ndinatsika ngati nduna. Bulangete langa lili kwa Kalembo mpaka lero, ndipo ndafundamo zaka zonsezi.

A Mussa, mukuseka chiyani pamenepo? Munali pamsika wa Nsanama tsiku limenelo? Munkagulitsa nandolo? Ndiye bwanji osanena poyamba, munthu wamkulu ngati inu kumusiya mnzanu afike kumapeto.

Chabwino. Therere ndinathiradi, pamenepo ndiye sindibweza. Kungoti linagwira ntchito kuchokera pamlambe paja mpaka pamlambe wotsatira, kenaka linapsa, chiwongolero n'kuuma kuposa poyamba. Chinkhoswe chitatha, makaniko wa pa Liwonde anatha masiku awiri akutsuka mapaipi, anasintha paipi yobooka imene inkadonthetsa oyilo ndi pampu yomwe, nathira oyilo wake wofiira, nandiphunzitsa ngati mwana wa sukulu kuti ndizisuzumira m'kathanki sabata iliyonse, oyilo azikhala pakati pa timizera tiwiri. Zonsezo Agnesi anali atanena kale popanda sipanala m'manja.

Mukufunsa kuti nanga tinafika bwanji? A Mussa anaona, ndiye ndingonena. Therere litapsa, manja anga anali atafa, ndinagwetsa mutu pachiwongolero misozi ili pafupi, ndikuona kale njira ya ku Rivirivi. Ndinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka, kenaka chakutsogolo. Apongozi anakhala pambali panga, chitenje chili kumutu, nkhope ataloza kuzenera kuti mwambo usasweke, natambasula dzanja limodzi, lija lagwira musi zaka makumi asanu, nagwira chiwongolero. Anauza galasi lakutsogolo kuti, "Uwauze azingoponda zapansizo." Makhona onse mpaka pa Nsanama anakhota ndi iwo, osayang'ana n'komwe msewu, ine ndikungoti kumanja, kumanzere, ndikuuza wailesi.

Sekani, mano ndi anu. Koma mumve ichi, ndipo mphezi indiwombe ngati ndikunama: hutala yense uja munamumva polowa pamsika, ndinkaliza ndine.