A Wakuitana ndi Alendo a M'kompyuta

A Wakuitana ankadana koopsa ndi pulogalamu iliyonse yoyenda yokha kuseri m'kompyuta popanda iwo kuiuza. Dzinalo linachokera pomwepo. Ukalowa m'kasitolo kawo kotaipa makalata ndi kusindikiza makadi aukwati, unkawapeza ataweramira sikirini, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akukalipa: "Iwe! Wakuitana ndani?" Makasitomala achilendo ankabwerera pakhomo, poganiza kuti akunenedwa ndi iwowo.

Amene anaona zakuda ndi akazi awo, poti ankataipa pa kompyuta yomweyo. Tsiku lina mayiwo anangopempha kapulogalamu koikira maluwa m'mphepete mwa makadi. Bambowo atayamba kukaika, anakuwa ngati aponda khala lamoto.

"Mayi, tabwerani! Kanthu kanuka akuti sikayenda kokha. Kakufuna kubwera ndi anzake amene kamadalira, anzakewonso ali ndi anzawo!"

"Aloleni alowe, bambo. Kasitomala akudikira."

"Alowe? Ndaitana mlendo mmodzi, wabwera ndi apongozi ake, azilamu ake, ndi wina woti azisaka mapulinta a eni ake tsiku lonse! Ife pulinta tili nayo imodzi, nayi, ndikuiona ndi maso angawa!"

Anawalola, koma kasitomala atangotuluka anayamba kuwapirikitsa mmodzimmodzi. Atachotsa kolumikizira mafoni popanda waya, kanapita ndi mawu onse a kompyuta, ndipo nyimbo zimene mayiwo ankamvera potaipa zinangoti zii.

"Kalanga ine, mwandiphera kwaya!"

"Kwaya yanuyo imayenda ndi anthu okayikitsa," anayankha bambowo, osachita ndi manyazi omwe.

Khalidweli silinkathera pa kompyuta ayi. Mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo wamkazi atafika ndi abale ake odzamulankhulira, bambowo anasuzumira pawindo n'kunong'oneza akazi awo: "Uyunso sabwera yekha?"

Koma zoopsa zenizeni zinachitika tsiku lina, mawa lake kuli ukwati wa kasitomala wina, makadi a ndondomeko ya mwambowo asanasindikizidwe. A Wakuitana anagwira kena kake kakuwerenga mafailo mobisa mpaka kompyuta kumalira ngati chigayo. Atati akachotse, kompyuta inachenjeza kuti kakachoka kapita ndi mawindo, tizithunzi todina, mpaka kamuvi ka mausi. Mayiwo anawerenga zimenezi ali kumbuyo kwawo.

"Bambo, ikufunsatu ngati mwatsimikiza."

"Ikundiopseza? M'sitolo mwanga momwe?"

Anadina. Sikirini yonse inangoti bii! Mayiwo anakhala pansi penipeni, manja kumutu. Ayi ndithu, tsiku limenelo banja linatsala pang'ono kutha. Bambowo anatuluka thukuta mpaka madzulo, akubwezera mapulogalamu amodziamodzi, iliyonse akuifunsa dzina ndi ntchito yake. Makadi anatuluka inki isanaume bwino, mwiniwake ataimirira kale pakhomo. Kuyambira pamenepo kompyutayo inali yotuwa, yopanda chokongoletsa chilichonse, koma yachangu. Ankaitana aliyense wodutsa: "Tamverani. Mukumva chiyani?" Ukati palibe, iwo: "Eyaa! Mwatsala oitanidwa okhaokha."

Patapita nthawi, a Wakuitana anadwala masiku ochepa chabe, basi n'kutisiya. Maliro atatha mayiwo anatsegulanso sitolo, koma ankangotaipa makalata a inki yakuda. Makadi amitundu inali ntchito ya amuna awo, ndipo mtima sunkawalola kuwagwira. Mkamwini wawo, yemwe sanabwere yekha uja, anayamba kumabwera ndi fulashi yodzaza mapulogalamu atsopano m'thumba.

"Amayi, tifufute zonsezi, ndikuikireni zatsopano zokongola."

Mayiwo ankangoti mawa. Ankadziwa kuti mwanayo akufuna kuwathandiza, koma m'nyumba monse chimene chinatsala ndi manja a amuna awo chinali kompyuta yotuwayo. Pomaliza anavomera, mtima ukuwawa, kuti abwere masana.

M'mawa wa tsiku lomwelo, akusesa, pulinta inadzuka yokha. Inakhosomola, n'kukoka pepala popanda munthu woikhudza. Mayo! Mayiwo anathawira mumsewu, tsache lili kumanja, silipasi imodzi itatsala pakhomo. Wosoka zovala woyandikana nawo anasuzumira, naye n'kubwerera chothamanga. Palibe analimba mtima kugwira pepalalo mpaka mkamwini anafika.

Iye anakhala pampando wa apongozi ake n'kufufuza. Kenako anatsegula pakamwa osatseka.

"Amayi, muno muli kapulogalamu koyenda kokha kuseri. Anakalemba ndi ababa."

"Bodza! Amuna anga? Kusunga kobisala? Iwo omwe anandiphera kwaya aja?"

Mkamwini anatola pepalalo n'kuwapatsa. Pamwamba panali mizere yofiira, yachikasu ndi yabuluu, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Uyu ndamuitana ndine. Pulinta ikakhalitsa osasindikiza zamitundu inki imauma, ndipo inu mayi mumaiwala. Musamuchotse."

Mayiwo anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, osadziletsa. Mkamwini anabweza fulashi yake m'thumba mwakachetechete, ndipo sanaitulutsenso.

Masiku ano makasitomala amalowa m'kasitolomo osabwerera pakhomo, ndipo kunena zoona kumasowetsa mtendere, muli bata lochuluka kwambiri. Mayiwo anayambiranso makadi aukwati. Koma nthawi zina amasiya dala zamitundu kwa masiku angapo, n'kumauza anthu kuti abwere sabata yamawa. Ndiye m'mawa wina pulinta imakhosomola yokha. Mayiwo amaika tsache pansi, n'kuifunsa chapansipansi kuti, "Iwe, wakuitana ndani?" Kenako amaima pomwepo, kudikira pepala liwayankhe.